KODI TIKATSINZINA TILANKHULA NDI NDANI?



Ndilemba ndi mtima wowawa, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti amene andiwawitsa mtima si anthu akunja iai. Ndife tomwe, ine pamodzi ndi inu.

Masabata anai apitawo, pa msonkhano wathu wa pa Ciweru masana kuno ku Nakoli, mnyamata wina wa m'kwaya anaimika dzanja. Ndi mnyamata amene takula naye kuyambira ku Sande Sukulu, woyimba bwino, wosacedwa ku mapemphero. Anafunsa mosakweza mau, nati: "Atsogoleri, tikatsinzina ndi kuyamba kupemphera, kodi alipodi amene amva, kapena tingolankhula ndi mitu yathu?" M'chalichi munangoti zii. Kenaka mlongo wina kumbuyo anayambitsa kolasi, ena nayamba kuomba m'manja, ndipo funso lija linamira m'nyimbo. Potuluka ndinamva wina akunong'oneza mnzake kuti, "Ameneyu sukulu yamuononga." Wina anati afunika kumusanjika manja. Nanga ine mtsogoleri wanu? Ndinangomwetulira, ndi kutseka msonkhano ndi pemphero, cinthu comweco cimene iye anali kufunsa. Kucokera tsiku limenelo mpando wake m'kwaya ulibe munthu.

Pa Citatu ndinamulondola kwao. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kufikira dzuwa litalowa, ndipo anandiyalira nkhani yake yonse. Ndiibwereza pano monga anaikambira, osaicepetsa, cifukwa ife tili ndi cizolowezi coipa: timayamba tathyola miyendo mau a munthu wotsutsa, kenaka n'kumadzitama kuti tawapitirira pa liwiro.

Anayamba ndi tauni yathu ino. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'mau oyamba a malamulo a dziko. Koma zisanathe zaka zitatu cilengezereni, mu 1994, mgodi wa Kabwe unatsekedwa. Agogo ake aamuna anali mmodzi wa amene anabwerera kunyumba manja ali lende. Tauni ya mgodi ndi njanji inasanduka ya anthu ogulitsa tomato kwa anzao ogulitsa makala. "Kodi agogo sanali kupemphera?" anandifunsa. Anakumbutsanso za pa 18 Okutobala 2015, pamene Pulezidenti Edgar Lungu anaitanitsa dziko lonse kuti lipemphere ndi kusala kudya, kwacha itatha mphamvu ndipo malaiti akuzima-zima. Tsikulo mabawa anatsekedwa, mpira unaimitsidwa. Koma pofika mu 2024 dola imodzi inali itapitirira K25, cilala cinapsereza cimanga kufikira Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ili ndi tsoka la dziko, ndipo madzi atacepa ku Kariba tinakhala mu mdima maola ambiri kuposa a mu 2015.

Kenaka anatulutsa foni nandionetsa za kafukufuku wa ku America amene anafalitsidwa mu 2006, wotsogoleredwa ndi Dr Herbert Benson wa ku Harvard. Anatenga odwala 1,802 ocitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala zisanu ndi cimodzi, nawagawa m'magulu atatu. Awiri mwa maguluwo anauzidwa kuti mwina apemphereredwa mwina iai, ndipo limodzi linapemphereredwadi, lina ayi. Gulu lacitatu linauzidwa motsimikiza kuti anthu ali kulipempherera. Pomaliza, pakati pa magulu awiri oyamba panalibe kusiyana. Amene anadziwa kuti ali kupemphereredwa ndiwo anakumana ndi zovuta zoculukirapo pang'ono itatha opaleshoni.

Sanalekere pomwepo. Anandikumbutsa cibade cija cimene okumba mgodi anapeza mu 1921 muno momwe, tauni ino ikali kuchedwa Broken Hill. Cili ku Natural History Museum ku London, ndipo mu 2020 akatswiri ananena kuti cili ndi zaka pafupi-fupi 300,000. "Munthu ameneyo ali pa caputala citi ca Genesis?" Ndipo anatsiriza ndi maina awiri amene nanenso ndinakumana nao ku koleji: Ludwig Feuerbach, amene mu 1841 analemba kuti Mulungu ndi cithunzi ca munthu mwini cimene wacikulitsa ndi kucipacika kumwamba, ndi Sigmund Freud, amene mu 1927 anati cipembedzo cimabadwa m'mtima wa munthu wamantha wofuna tate womuteteza.

Abale ndi alongo, kolasi siyankha zinthu zotere.

PAMENE MNZATHU AKUNENA ZOONA

Ndinadziwa kuti Freud ndi cibade si zimene zinamucotsa m'kwaya. Mabuku paokha sacotsa munthu pa mpando umene waukonda kuyambira ali mwana. Nditamufunsitsa anandiuza ceni-ceni, ndipo ambiri a inu mucidziwa, cifukwa munalipo.

Mlongo wake akhala ku Kasanda, ndipo ali ndi kamnyamata kamene kanacedwa kulankhula. Kanali kudandaula m'mimba kawiri-kawiri, kosafuna kudya, kokwiya msanga, kosagwira zimene kauzidwa. Amai ake anapita nako kwa mneneri wina, amene sindimuchula dzina. Iye anati mwanayo wamangidwa ndi mzimu wotumidwa ndi wacibale, nalozera agogo ena aakazi a m'banjamo. Anawagulitsa kabotolo ka mafuta odzozera, pa ndalama imene ikadagula thumba la ufa. Ndipo ife, gulu la acinyamata, tinapita kawiri kukapemphera usiku wonse pa nyumba imeneyo. Tinafuula, tinadzudzula ciwanda, tinavina pabwalo kufikira tambala woyamba. Patapita miyezi anamwino anayeza magazi a mwanayo. Anapezamo mtovu.

Imani pamenepa pang'ono, musathamangire ndime yotsatira. Pamene ife tinali kuthamangitsa ciwanda, mapazi athu anali kuutsa fumbi lomwelo limene linali kudwalitsa mwanayo, ndipo iye anagona pamkeka akulipuma.

Mgodi wa kuno unakumba mtovu ndi zinki kwa zaka pafupi-fupi 90. Utsi wa ng'anjo unagwera m'nthaka, ndipo mulu wa zotsalira umene tiucha Black Mountain ukali pomwepo. Nyengo ya mphepo fumbi lake limauluka kulowa ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa, ku Mutwe wa Nsofu, ndipo fumbi silidziwa malire a komboni. Mwana amasewera pansi, amaika zala m'kamwa. Mtovu umalowa m'magazi, umabisala m'mafupa, umaononga ubongo umene ukali kukula, ndipo a bungwe la zaumoyo la WHO amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza. Mu 2007 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa malo khumi oipitsidwa koposa pa dziko lonse lapansi. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi a Hokkaido University ya ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu: onse, osatsalako ndi mmodzi yemwe, anali ndi mtovu wopitirira mlingo umene madokotala amayambira kuda nkhawa. Mu 2020 nkhaniyi inafika ku khoti ku Johannesburg, kumene kampani ya Anglo American South Africa inasumiridwa m'malo mwa ana ndi amai a ku Kabwe. Kampaniyo inakana mlandu, mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo.

Zonsezi zinali zodziwika usiku umene ife tinali kuvina. Zinalembedwa m'manyuzipepala, zinakambidwa pa wailesi. Ena a ife tinazilembapo mayeso. Koma palibe mmodzi wa ife amene anati, "Amai, kodi mwanayu munamuyezetsa magazi?" Tinaopa kuoneka acikhulupiriro cocepa. Ndipo agogo aja amene analozeredwa cala, kufikira lero adzukulu ao sadya nsima ya pa nyumba pao.

Tsono mnzathu akanena kuti pemphero ndi zongoganiza za m'mutu, pa usiku uja akunena zoona. Ciwanda cija cinali ca m'mitu yathu. Mtovu ndiwo unali weni-weni.

Ndipo musayese kuti izi n'zatsopano m'dera lino. Mu 1925 munthu wina wocokera ku Nyasaland, Tomo Nyirenda, anadzicha Mwana Lesa nayamba kubatiza anthu pakati pa Alala ca ku Mkushi. Anati ubatizo wake uzindikiritsa mfiti. Amene anawanena kuti ndi mfiti anamizidwa m'madzi, kuno ndi ku Congo komwe, ndipo anafa anthu ambiri. Anaweruzidwa ndi kunyongedwa ku Broken Hill mu 1926. Anthu amene anagwira manja ndi miyendo ya anzao pa mtsinje sanali kudziona ngati ambanda. Anali kuyimba nyimbo za Mulungu, otsimikiza mtima monga tinaliri ife ku Kasanda. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ife a ku Kabwe, amene tili ndi mkuyu waukulu pakati pa tauni, tiyenera kukhala oyamba kung'amba cipatso tisanacidye. Kutentha kwa pemphero si umboni wakuti Mulungu alimo.

Baibulo linanena zimenezi kale-kale Feuerbach asanabadwe. Werengani Yesaya 44:14-17. Mneneri akuseka munthu amene adula mtengo, mbali ina aphikira nyama ndi kuothera moto, mbali yotsala asema mulungu ndi kumugwadira. Milungu yopanga ilipo. Kale anali kuisema ndi nkhwangwa, lero tiisema ndi maganizo. Wochuka koposa m'makomboni mwathu ndi mulungu wonga makina a bonanza: uponyamo kandalama, uyembekeza kuti zikhuthuke. Zikapanda kukhuthuka akuuza kuti unaponya zocepa.

PAMENE NDISIYANA NAYE

Koma ndalama yacinyengo ikapezeka pa msika, sitinena kuti Bank of Zambia kulibe. Apa ndipo ndisiyana ndi mbale wathu, ndipo ngati magazini ino yakufika m'manja, mbale wanga, ndilankhula ndi iwe tsopano anzathu akumva.

Freud akuti timakhulupirira cifukwa tifuna tate. Cabwino, tifunadi. Munthu wa ludzu amalota madzi. Kodi kulota kwakeko ndi umboni wakuti mu Mulungushi mulibe madzi? Kufuna cinthu sikusonyeza kuti cilipo, komanso sikusonyeza kuti kulibe. Kundiuza kumene cikhulupiriro canga cinacokera si kundiuza ngati ndi coona. Ndipo mpeni umenewu uli ndi mbali ziwiri. Alipo anthu amene angakondwe kwambiri kumva kuti kumwamba kulibe diso: wogona ndi mkazi wa mwini, wakuba ndalama za mankhwala, wotaya poizoni pafupi ndi nyumba za amphawi. Ngati ine ndingapange Mulungu cifukwa ca mantha, wina angafafanize Mulungu cifukwa ca mantha omwewo.

Mulungu wopanga ali ndi cizindikiro cimodzi: amavomereza mwini wake nthawi zonse. Amadana ndi amene iwe udana nao, amafuna zimene iwe ufuna. Tsono tsegula Baibulo uone ngati ndiye ali m'menemo. Paulo anapempha katatu kuti cowawa cina cimucokere m'thupi, ndipo anakanizidwa (2 Akorinto 12:7-9). Yobu anafuna yankho la mavuto ake, napatsidwa mafunso. Habakuku akuyamba buku lake ndi kukalipira Mulungu kuti samva. Salmo 88 liyamba ndi kulira ndipo litha mu mdima, popanda ndi kamau kamodzi ka citonthozo, koma analisiya m'buku la nyimbo za mpingo. Ndipo pakati peni-peni pa cikhulupiriro cathu pali Mwana wa Mulungu atagwada m'munda wa Getsemane, akupempha kuti imfa imupitirire, ndipo m'mawa mwake ali pa mtanda. Ndiuze, ndani wofuna kudzitonthoza amene angapeke cipembedzo cimene pemphero lake lalikulu koposa linayankhidwa motero? Anthu ofuna citonthozo amapeka bonanza. Sapeka Getsemane.

Kafukufuku wa Benson sindimutsutsa, ndipo ndipempha anzanga aleke kunama kuti asayansi anatsimikiza mphamvu ya pemphero. Sanatero. Koma taona cimene anayeza. Anatenga pemphero monga mapiritsi: awa amwe, awa asamwe, tione kusiyana. Opemphera anali alendo amene anapatsidwa dzina loyamba la wodwala ndi cilembo cimodzi ca dzina la atate ake. Nanga aja a gulu losapemphereredwa, ndani analetsa amai ao ndi akazi ao kuwapempherera kunyumba? Njira yotere igwira bwino nchito pa mankhwala, cifukwa piritsi lilibe cifuniro. Siigwira pa munthu. Tayesa kuyeza cikondi ca amai ako mwa kutuma alendo khumi kukawapempha K50 m'dzina lako, iwe utabisala kuseri kwa nyumba ndi kabuku. Akakana udzalemba kuti ulibe amai? Amene anafa m'kafukufuku uja ndi mulungu wa bonanza, ndipo maliro ake ine sindilira. Yesu mwini anakana kudumpha kucoka pamwamba pa Kacisi kuti aone ngati angelo afika (Mateyu 4:5-7).

Za tsiku la mapemphero a dziko ndinena mwacidule. Kupempherera dziko n'koyenera. Koma kwacha imamvera mtengo wa mkuwa ndi kukula kwa nkhongole, ndipo mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira nkhongole yake ya Eurobond. Yesaya 58 akuti kusala kudya kumene Mulungu akuwerengera ndi kumasula oponderezedwa ndi kugawana cakudya ndi anjala. Amene analephera si Mulungu. Ndife amene tinafuna kuti tsiku limodzi la njala lilipire zaka za kudya mosasamala.

Za cibade, ndidziwa kuti akulu ena a mpingo sadzagwirizana nane, ndipo ndiwalemekeza. Ine cibade cija sicindiopsa. Genesis anatipatsa kuti tidziwe amene analenga ndi cimene analengera munthu, osati kuti akhale kalendala. Augustine, bishopu wa kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, anacenjeza Akristu kuti asamakambe zopusa za cilengedwe pamaso pa anthu odziwa, kuopa kuti angasekedwe pamodzi ndi Malembo ao. Ndipo munthu amene mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti thambo lonse lili kufutukuka, ganizo limene linabala ciphunzitso ca Big Bang, anali wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître. Cimene cindivuta ine pa cibade cija si zaka zake iai, koma kuti ana a ku Kabwe afunika pasipoti kuti akacione.

Udzati, "Zonsezi wangocotsa zotsutsa zanga, koma sunandionetse Mulungu." Zoona. Sindingakuikire Mulungu m'kabotolo monga anamwino anaikira magazi a mphwako. Mtovu suoneka ndi maso koma uli ndi makina ouyezera. Mulungu alibe, ndipo akadakhala nao akadakhala cimodzi mwa zinthu za m'cilengedwe, osati mwini wake.

Koma ndinaona cinthu cina madzulo aja pansi pa mango. Pamene unali kusimba za mwana uja, manja ako anali kunjenjemera. Unati, "Si cilungamo." Sunanene kuti nkhaniyi siikusangalatsa cabe, monga munthu wosakonda delele. Unanena kuti n'coipa, coipadi, kuti mwana wa ku Kasanda alipire ndi ubongo wake cuma cimene anadya ena, ndipo cikadakhala coipa ngakhale makhoti onse a pa dziko atanena kuti palibe mlandu. Tsono ndikufunse funso lako lomwe. Cilungamo cimeneco cilipodi, kapena ndi ca m'mutu mwako? Ndi makina ati amene anaciyeza? Cilemera makilogalamu angati? Ngati zoona ndi zokhazo zimene ziyezeka, ndiye kuti ku Kasanda kuli mtovu, magazi ndi fumbi basi, ndipo mkwiyo wako ndi phokoso la ubongo wako cabe, losasiyana ndi kuyetsemula. Iwe sukhulupirira zimenezo. Ungalole kucotsedwa m'kwaya, koma sungalole kunena kuti mwana uja alibe mlandu wokasuma kwina kulikonse. Ine ndikuti uli ndi cifukwa cokwiyira, pakuti mwanayo anapangidwa m'cifaniziro ca Wina, ndipo pali bwalo limene apilo yake siitha. Mkwiyo wako ukuimira pa nthaka imene pakamwa pako pakukana.

Ndiponso cikhulupiriro cathu sicinakhazikike pa zimene timamva m'mtima tikayimba. Cinakhazikika pa cinthu cimene cinacitika pa malo odziwika, m'nthawi ya wolamulira wodziwika. Tacitus, wolemba mbiri wa Ciroma amene sanali kukonda Akristu ngakhale pang'ono, analemba kuti Kristu anaphedwa mu ulamuliro wa Pontiyo Pilato, ndipo mu 1961 ku Caesarea kunafukulidwa mwala wolembedwa dzina la Pilatoyo. Zimenezi zionetsa imfa, osati kuuka. Koma ufotokoze cimene cinasandutsa anthu amene anathawa usiku wa Cinai kukhala anthu olola kukwapulidwa ndi kuphedwa ponena kuti amuona wamoyo. Ufotokozenso cifukwa cake opeka nkhani akadaika akazi kukhala mboni zoyamba, m'dziko limene umboni wa mkazi unali wopepuka. Paulo mwini anaika khosi lake pa cipika: pa 1 Akorinto 15:14-19 akuvomera kuti ngati kuuka kuja sikunacitike, ndiye kuti zonse n'zacabe ndipo Akristu ndi anthu omvetsa cisoni. Cipembedzo ca maloto siciuza adani ake pamene angacimenye.

Ndikuuzeko canga, cimene sindinakambepo pa gulu. Atate atamwalira ndili mu Giredi 9, atate aang'ono anabwera ndi lole maliro asanazizire. Ananyamula bedi, mipando, malata amene atate anasunga, ndi makina osokera a amai amene anali kutidyetsa. Lamulo loteteza akazi amasiye ndi ana lilipo kuyambira mu 1989, koma amai anaopa kukangana ndi acibale a mwamuna wao. Kwa zaka zisanu ndinapemphera pemphero limodzi, lakuti Mulungu awakanthe. Ndili ku koleji ndinamva kuti afa ziwalo mbali imodzi, ndipo ana ao awathawa. Ndinayesa kuti ndayankhidwa. Usiku umenewo ndinagwada kuti ndiyamike, koma sindinathe kupitirira pa mau aja a m'pemphero limene Ambuye anatiphunzitsa, pamene kukhululukidwa kwathu kwamangidwa pamodzi ndi kukhululukira kwathu (Mateyu 6:12). Ndinalimbana nao sabata yathunthu. Pa holide ndinakwera basi, ndinakawasambika, ndinawacapira zofunda. Sanapepese, kufikira anamwalira. Makina a amai sanabwerere. Sindinalandire kanthu, ndipo sindinapite mokondwa. Udzati cinali cikumbumtima, kapena maleredwe. Kapena. Koma mutu wanga ndiudziwa bwino, ndakhala nao zaka zonsezi, ndipo ukadakhala kuti ndiwo unali kuyankha, ukadandipatsa yankho limene ndinalipempha kwa zaka zisanu.

TSONO KWA IFE OTSALA M'KWAYA

Ndibwerere kwa inu anzanga, cifukwa mlandu waukulu uli kwa ife. Yohane Mbatizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa Yesu ngati analidi amene anali kumuyembekeza. Yesu sanati Yohane wagwidwa ndi ciwanda. Anawauza kuti akasimbe zimene aona ndi kumva, ndipo iwo atacoka anamutamanda Yohane pamaso pa anthu (Mateyu 11:2-11). Tomasi atakaika, sanamuyimbire kolasi. Anamuonetsa zipsera. Ife tinapatsidwa Tomasi wathu mmodzi, woona mtima kuposa ambiri a ife amene tili ndi funso lomwelo koma tiopa kulichula, ndipo tinamuombera m'manja kufikira anatuluka. Musandiuze kuti mumateteza cikhulupiriro. Munthu amene atseka makutu mwana akafunsa ndiye amene akaika koposa, pakuti aopa kuti Mulungu wake sangapirire funso la mnyamata wa zaka 19.

Nehemiya pomanga linga, adani ataopseza, anapemphera naikanso alonda usana ndi usiku (Nehemiya 4:9). Sanasankhepo cimodzi. Ife tikapempherera mwana wodwala, tifunse ngati anapita naye ku cipatala, ndipo ngati palibe womuperekeza timuperekeze ndife. Tiuze amai kuti awaze madzi pabwalo asanasese, abzale kapinga pamene ana asewera, awasambitse m'manja asanadye, apukute m'nyumba ndi nsalu yonyowa. Alongo athu apakati aleke kudya dothi. Wofuna dothi kapena miyala yothira pakhomo asatenge za ku mulu wa mgodi, ngakhale zikhale zochipa motani. Ndipo munthu aliyense, kaya avale suti yoyera bwanji, akalozera cala nkhalamba ndi kutulutsa kabotolo kogulitsa, tinyamuke ticoke.

Ndakambirana ndi abusa, ndipo avomera kuti kuyambira mwezi uno pakhomo pa chalichi pakhale kabokosi. Aliyense aponyemo funso lake osalemba dzina, ndipo Ciweru comaliza ca mwezi tidzawerenga onse mokweza. Limene sitidziwa yankho lake tidzanena kuti sitidziwa. Woyambitsa kolasi funso lisanayankhidwe ndidzamukhazika pansi ndine.

Mbale wathu sanalonjeze kubwerera. Anati akali kuganiza, ndipo ndinamuuza kuti aganize ndithu, mpando wake sitipatsa wina. Koma anavomera cinthu cimodzi: kutiperekeza ku Kasanda pa Ciweru cikubweraci. Tidzanyamuka pa chalichi nthawi ya 14 koloko. Bwerani ndi makasu, ndowa ndi mbeu ya kapinga, tikabzale pabwalo limene tinavinapo. Tikatha pamenepo tidzapita kwa agogo aja. Tikafika pakhomo pao ndidzayamba kulankhula ndine, cifukwa ndine ndinatsogolera nyimbo usiku uja.